Lamba wa Malemu Bambo

Disembala ndinamudya yense, mafupa omwe.
Ukwati ku Mufakose Loweruka loyamba,
mpunga wonyezimira mafuta, ntchafu ziwiri za nkhuku,
ndipo mawu oti "ndakhuta" ndinawaiwala kunyumba.
Bonasi inathera kwa Mereki,
kumene utsi wa nyama umakutchula dzina
usanatsike n'komwe mu kombi.
Soseji, chiwindi, nthiti za nkhumba,
mchere pachikhatho, botolo lotuluka thukuta,
anzanga akuti, "Idya, Lufeyo, chaka chatha,"
ngati kuti chaka chimathera m'mimba mwanga.

Pakati pa usiku ndinkatsegula filiji osayatsa nyali
n'kumadya keke ya ana chiimirire,
khutu lili kuchipinda.
Sinali njala imeneyo.
Njala ndimaidziwa nkhope yake.

Januwale wabwera ndi mvula ndi fizi ya sukulu,
ndipo lamba wa malemu bambo wandikana.
Chikopa chakuda, chong'aluka m'mbali,
anachigula akugwira ntchito ya njanji, tikukhala ku Rugare.
Maboo asanu ndi akusitolo.
Awiri am'katiwa anaboola okha ndi msomali
chaka chija mashelefu anali mbee,
ndalama zodzaza thumba osagula buledi,
iwo n'kumati, "Ine ndadya kale kuntchito,"
kuti ife tinyambite mbale kawiri.

Ndinazula msomali kukhoma
kuti ndiboole langa kunsonga.
Ndinakhala nawo m'manja mpaka tiyi anazizira.

Kukiliniki Sisitala Mudzingwa anandimanga lamba wina pamkono,
anapopa, anayang'ana manambala, anayang'ana ine.
"Zaka zingati?"
"Makumi anayi ndi ziwiri."
"Mtima wanuwu sakudziwa zimenezo.
Ukuyenda ngati wa munthu wothamangitsidwa."

Ndiye ndili pano pa Mbare Musika, matope mpaka mu akakolo,
anyamata a ngolo akukuwa kuti ndipatuke.
Mayi Nachisale, amene Chichewa chawo chinakwatiwa ndi Chishona,
akundiunjikira mpiru, therere, nkhwani wa m'mawa uno,
nyemba ndowa yaing'ono, mango anayi,
ndi tomato mmodzi wa basera.
"Mwabwerera?" akundifunsa, maso ali pamimba.
Ndabwerera, mayi. Musaseke kwambiri.

Tsiku loyamba lilime linachita mwano.
Tiyi wa supuni imodzi ya shuga ankamveka ngati mlandu.
Masamba ankanditha m'mbale ndisanakhulupirire kuti ndadya.
Lachinayi ndinagwa:
pa Copacabana, podikira kombi, fungo la tchipisi
linandigwira kolala, ine osalimbana nalo.
Ndinapukuta mafuta pamlomo ndi risiti,
ndinafika kunyumba, sindinadzitukwane.
Woterereka m'matope sagona pomwepo.
M'mawa ndinaphika phala la mapira, ndinathira nsinjiro,
ndinadya nditakhala pansi, nyali ikuyaka.

Tsopano ndimatsika siteji imodzi ndisanafike,
ndimayenda m'mbali mwa minda ya chimanga
imene anthu amalima pakati pa nyumba ndi msewu.
Ndayamba kumva kuti therere lili ndi kukoma kwake
kumene mafuta ankakubisa,
kuti madzi ndi chakumwa,
kuti kukhuta kumabwera mochedwa, ngati kombi ya Lamulungu,
ndipo kumafuna kukudikira.

Nyama sindinasudzulane nayo.
Timaonana Loweruka, kachidutswa kamodzi,
ngati anthu amene anagwirizana zolemekezana.

Lero m'mawa ndinakoka mpweya, ndinakoka chikopa,
kachitsulo kanalowa boo lomaliza la kusitolo,
movutikira, koma kanalowa.
Zelesi, mwana wanga, anaseka pakhomo:
"Adadi, pumani, mufiira."
Ndinapuma. Lamba sanaduke.

Maboo awiri a bambo aja sindikuwafuna,
asadzawafunenso wina m'nyumba muno.
Msomali ndaubwezera kukhoma.
Pakolekedwa thumba la ku Mbare,
anyezi atatu akusuzumira kunja.